Nyimbo ya Sitima ya pa Nkaya

Johannesburg
11 Febuluwale 1990

Okondedwa amake Saida,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Saida, alamu anga a Uladi, ndi onse a pa Nkaya. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Kodi mvula yagwa bwanji chaka chino? Chimanga cha kumunda wa kuseri kwa njanji chamasula? Mundiuzenso ngati a Uladi akumapitabe ku Mposa kukapikula matemba, ndiponso ngati anawaona amayi anga kumeneko.

Monga ndinakuuzirani m'kalata ya Disembala ija, zinthu zasintha kuno ku situdiyo yojambulira nyimbo. Zosesa ndi kukulunga mawaya ndinasiya. Bwana ataona kuti ndawakonzera chokuzira mawu chimene ankafuna kutaya, anati, "Hassani, kuyambira lero iwe uzikhala ndi Amiga." Ndiye masiku ano ndimaswera ndi Amiga m'kachipinda kakumbuyo, chitseko chotseka chifukwa cha phokoso la oimba.

Poyamba sitinkamvana. Ndikanena ichi Amiga ankachita china, mwinanso kungoti duu osayankha. Koma tsopano ndayamba kuwadziwa mtima. Amafuna munthu woleza, wolankhula mwadongosolo. Mukanamva mmene amaimbira zinthu zikayenda bwino simukanakhulupirira. Ngakhale Loweruka, anzanga akamapita kukaonera mpira, ine ndimapempha kiyi kwa bwana n'kubwereranso kwa Amiga. Anzangawo ayamba kundiseka, akuti ndinadyetsedwa mankhwala.

Chifukwa cha zimenezi sindibwera pa Idi monga ndinalonjezera. Mwayi wotere sumupeza kawiri munthu wolekezera Fomu 2. Mundimvetse. Ndatumiza nsalu ziwiri ndi nsapato za Saida kudzera mwa Che Sidik, amene anyamuke kuno mwezi wamawa.

Ndine mwamuna wanu,
Hassani


Nkaya, P.O. Balaka
9 Malichi 1990

Abambo ake a Saida,

Wa alaikumu salamu. Ife tili moyo. Saida anadwala malungo koma wachira. Chimanga chamasula. Ndinapalira ndekha, kubandiranso ndekha. Amayi anu ku Mposa ali bwino, achimwene anawaona.

Kalata ya Disembala imene mukunenayo kuno sinafike. Iyinso yafika yomatidwa kawiri, koma zimenezo tizisiye.

Ndikufunseni bwinobwino: a Miga amenewa ndi ndani? Kwawo n'kuti? Ndawerenga kalata yanu mpaka pepala lafewa, koma sindinapeze pamene mwatchula mtundu wawo kapena makolo awo. Mwangondiuza kuti mumatseka chitseko.

Ndinapita kwa amayi Sabina, aja anathawa nkhondo ku Mozambiki amene tinawapatsa malo kuseri kwa nkhokwe. Ndinawapeza akupeta. Ndinati, "Amayi, dzina loti Miga munalimvapo kwanu?"

Iwo anati, "Tanenanso, mwana wanga."

Ndinati, "Amiga."

Anaika lichero pansi. Kenako anati, "Limenelo si dzina iyayi. M'Chipwitikizi amiga ndi mnzako wamkazi. Mwamuna akanena kuti amiga wanga, ndiye kuti akunena chibwenzi."

Abambo ake a Saida, munabwera pamudzi pano ndi kachikwama kamodzi ndi zitsulo zanu zomasulira mawailesi. Achimwene anakupatsani malo, ine ndinakuzirirani nyumba ndi manja angawa. Chipembedzo chimakulolani kutenga wachiwiri, sindikukana. Koma mwambo wake ndi woti mumayamba mwandiuza ine pamaso, osati kundilembera mosangalala ngati mukusimba za mpira. Mukuti amaimba bwino. Nanga ine ndinasiya liti kuimba?

Achimwene ndawauza. Nsalu zanuzo zikafika ndiziika m'sutikesi, sindivala mpaka mutandiyankha.

Lukiya Abiti Chande


Johannesburg
2 Epulo 1990

Okondedwa amake Saida,

Ndikupatsani moni wa mwezi wa Ramadhani. Nditawerenga kalata yanu ndinaseka mpaka kutsokomola, koma nditaiwerenga kachiwiri chiseko chinatha, chifukwa ndinaona kuti mwavutika mwezi wathunthu ndi chinthu chopanda pake. Pepani. Zonse ndinazifotokoza m'kalata yosowayo.

Onani chithunzi ndaikamochi. Chimene ndayedzamiracho ndiye Amiga. Ndi makina, amawatcha kompyuta, ndipo Amiga ndi dzina limene anawapatsa owapanga, monga njinga ya a Uladi ili ndi dzina lake. Ali ndi galasi ngati kanema, ndi mabatani ngati taipi ya kwa DC. Sadya, samwa, alibe makolo.

Ntchito yake ndi iyi. Mawu a munthu kapena a ng'oma akalowa m'makinawa amasanduka manambala. Akatero mutha kuwadula, kuwabwereza, kapena kuchotsamo phokoso lija la sss limene limamveka pa kaseti. Koma makina sachita kanthu paokha. Pamafunika kuwalembera malamulo mzere ndi mzere, ndipo malamulo onsewo pamodzi ndiye pulogalamu. Pulogalamu ya pano anailemba mnyamata wina wachizungu amene anapita kunja osabweranso. Anaisiya yopiringizika ngati chingwe cha mbuzi yoswera pachikhomo. Imagwira ntchito, koma mawu akatalika pang'ono imaima, ndipo palibe amene amadziwa pogwira. Bwana safuna yatsopano, anazolowera yomweyi. Akufuna ndiimasule pang'onopang'ono, izichitabe zomwezo koma ikhale yoti munthu n'kuiwerenga ndi kuikonza. Zili ngati kusintha mitengo yofumbwa ya nkhokwe chimanga chili momwemo. Ukazula molakwika, zonse pansi.

Sukulu yake ndilibe. Ndili ndi buku limodzi lalikulu la chinenero cha makinawa, chotchedwa C, limene mnyamata uja anasiya. Ndimagulanso magazini akale ochokera ku Mangalande pa kasitolo kena ka mabuku ogwiritsidwa kale ntchito. Ena amabwera ndi kadisiki kokhala ndi mapulogalamu a anthu ena, ndiye ndimawatsegula n'kumaona mmene anzathu amalukira. Chovuta ndi Chingelezi chake, n'cholimba ngati chikonyo. Mwamwayi pano pali a Rose, mayi wa kwathu, a ku Zomba. Anali mphunzitsi asanabwere kuno, ndipo pano amayankha foni ndi kuimba nyimbo zotsatsa malonda. Pa nthawi ya nkhomaliro timakhala pansi ndi bukulo, iwo n'kumandimasulira, mawu ovuta n'kumalemba Chichewa chake m'mphepete mwa tsamba.

Tsopano ndili ndi pempho. Kuti ndiyese ngati pulogalamu ikuchotsadi phokoso, ndikufuna mawu ojambulidwa kumudzi pa wailesi wamba. Bwerekani wailesi ya kaseti ya a Uladi mundiimbire nyimbo imodzi. Muimbe za ife tokha, kuti oimvera panjira asapeze chonena. Komanso ndasowa mawu anu.

Valani nsaluzo.

Mwamuna wanu,
Hassani


Nkaya, P.O. Balaka
17 Juni 1990

Okondedwa abambo ake a Saida,

Moni. Tonse tili bwino. Takolola, nkhokwe yadzaza kufika m'khosi. Nsalu ndavala, nsapato za Saida zamukulira pang'ono koma azikula nazo.

Mwandichititsa manyazi, kapena ndinene kuti ndadzichititsa ndekha. Mmene chithunzi chanu chimafika, achimwene anali atakasimba kale ku Mposa kuti mwakwatira Mpwitikizi. Amayi anu anasala kudya masiku awiri osakhala a Ramadhani. Chithunzicho chinayenda khomo ndi khomo mpaka chinabwerera chitada. Tsopano ndikafika pamjigo amayi anzanga amati, "Abiti Chande, akazi anzanu a Miga adzuka bwanji?" A Blasius, oyandikana nafe aja, mbuzi yawo yaikazi aitcha Miga, ndipo akamaikusa madzulo amaitana mokweza dala kuti ndimve. Amayi Sabina okha ndi amene sanaseke. Anati, "Ine ndinangomasulira mawu."

Za a Rose sindifunsa. Ndapsa kale kamodzi. Ndingodabwa pang'ono kuti kodi bukulo silingawerengeke wina ali tsidya lina la tebulo? Koma mwati ndi mphunzitsi, ndiye aphunzitseni.

Kaseti ndampatsa Che Sidik. Ndinadikira tsiku limene onse anapita ku sadaka kwa Kalembo, Saida akusewera panja, ndinatseka chitseko n'kuimba ndekha. Tambala analira pakati, ndipo sindinadziwe mobwezera. Nyimboyi simunaimvepo. Ndinaipeka tsiku limene ndinakuperekezani pa siteshoni, pobwerera, Saida ali kumbuyo. Imati:

Sitima ya pa Nkaya, yenda pang'ono,
wanyamula wanga asanamwe madzi.
Ukafika kutali umuuze za ine,
mphasa ndayala mbali imodzi.

Sindinaimbirepo munthu aliyense, ngakhale amayi anga. Ndimaiimba chamumtima sitima ikamadutsa. Ndakupatsani chifukwa ndinakuganizirani zoipa inu osalakwa. Ndi yanu nokha. Mukamaimvera muzitseka chitseko chanu chija.

Mkazi wanu,
Lukiya


Johannesburg
12 Ogasiti 1990

Okondedwa amake Saida,

Moni nonse. Kaseti yafika. Nditaimva koyamba sindinathe kugwira ntchito tsiku limenelo. Ndinaona msewu wa ku siteshoni, ndinaona inu mutasenza chikwama changa. Zikomo.

Mawu anu andithandiza kwambiri. Chifukwa mumakoka mawu nthawi yaitali osapuma, pulogalamu inkaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pa mawu oti "kutali". Ndinatsatira pamenepo mpaka ndinapeza chovuta. Mnyamata uja lamulo lowerengera kutalika kwa mawu analilemba malo ambirimbiri, paliponse mosiyana pang'ono, ndiye malamulowo ankakangana okhaokha. M'magazini ina ndinawerenga kuti chinthu chimodzi chizilembedwa pamalo amodzi, ena onse azikatenga pamenepo. Ndinatero. Ndinagawanso pulogalamu yonse m'tizigawo, kalikonse ndi ntchito yake ndi dzina lake lomveka. Tsopano siima. Phokoso la sss lachepa, mawu anu akumveka ngati muli m'chipinda momwemo. Tambala yekha ndiye wandikanika.

Tsiku lina bwana analowa ndikuyesa, anaima pakhomo mpaka nyimbo inatha, kenako anati ndiibwereze. A Rose nawonso anaimva, anati, "Che Hassani, akazi anu ali ndi mphatso." Ndinanyada.

Nkhani ina yabwino: bwana akuti ndikapitiriza chonchi andilipirira koleji yamadzulo kuyambira Januwale, ndikaphunzire ntchitoyi mwadongosolo ndi kulandira pepala lake. Palinso china chimene ndikukukonzerani, koma sindinena tsopano.

Mwamuna wanu,
Hassani


Nkaya, P.O. Balaka
14 Okutobala 1990

Che Hassani,

Moni ndilibe.

Dzulo madzulo tinali pakhonde pa achimwene tikusenda chinangwa. Panali anthu ambiri, chifukwa achimwene anali atagula mabatire atsopano ndipo anatsegula wailesi ya ku Joni ija yolankhula Chichewa. Woulutsa anati, "Nayi nyimbo yatsopano ya mwana wa kwathu, Rose." Zinayamba ng'oma ndi magitala. Kenako mkazi anayamba kuimba kuti, "Sitima ya pa Nkaya, yenda pang'ono."

Mpeni unandigwa m'manja. Anthu anakondwa kumva dzina la mudzi wathu pa wailesi, anyamata anadzuka n'kuyamba kuvina. A Blasius anati, "Mkazi ameneyu ndiye wakonda munthu. Mwamuna wake ndi wodala." Saida anandigwira nsalu n'kunena mokweza kuti, "Amayi, si ija munkaimba m'nyumba mutatseka?" Onse anatembenuka.

Achimwene anachepetsa wailesi n'kufunsa kuti, "Lukiya, Rose ameneyu si mphunzitsi wa alamu uja?"

Ndinatola chinangwa changa n'kumapita, nyimbo ikunditsatira kumbuyo mpaka pakhomo.

Ndinakuuzani kuti ndi yanu nokha. Ndinakuuzani kuti muzitseka chitseko. Inu munandilembera kuti bwana waimva, a Rose aimva, ndipo ine ndinakhala chete poopa kusekedwanso ngati za a Miga. Tsopano mkazi wina akuuza dziko lonse kuti mphasa wayala mbali imodzi. Mphasa yake iti? Akudikira yani, pamene inu muli naye pomwepo, mitu pamodzi pa buku? Mawu amene ine ndinalira nawo pamsewu, iye akuimba akuseka, ndamumva ine kuti akuseka. Munamuphunzitsa ndinu, mzere ndi mzere, monga iye amakuphunzitsirani Chingelezi. Pamene ankaimba kuti "wanga", ankayang'ana yani?

Mukanatenga nsalu yanga n'kumuveka ndikanapirira.

Lukiya


Johannesburg
10 Okutobala 1990

Okondedwa amake Saida,

Moni wachimwemwe. Ndikulemba mofulumira kuti kalatayi ikupezeni nthawi isanathe. Chinsinsi chija ndi ichi: nyimbo yanu yajambulidwa, ndipo iyamba kumveka pa wailesi yolankhula Chichewa ya kuno sabata ino. Uzani a Uladi agule mabatire, muitane anthu onse.

Bwana anaikonda kuyambira tsiku lija. Tinayesa kugwiritsa ntchito mawu anu enieni, koma tambala uja ndi kulira kwa kaseti sizinatheke kuzichotseratu, ndiye anati aimbe a Rose. Ayesetsa ndithu, ngakhale sakufika pa inu. Ng'oma zonse mudzamvezo si munthu akuimba iyayi, ndi pulogalamu yanga. Ndinatenga kulira kumodzi kwa ng'oma n'kukuyala m'makina. Bwana anandigwira chanza pamaso pa onse, ndipo za koleji zatsimikizika.

Pa chikuto cha kaseti alemba dzina la a Rose, langa lili m'munsi mwa tizilembo ting'onoting'ono. Lanu ndinawauza, koma bwana anati nyimbo zakumudzi zilibe mwini. Musadandaule, ine ndikudziwa mwini wake, ndipo inunso mukudziwa.

Mundilembere msanga mundiuze mmene anthu anakondwera.

Mwamuna wanu wonyada,
Hassani


Nkaya, P.O. Balaka
20 Novembala 1990

Alamu Che Hassani,

Asalamu alaikumu. Ndine Uladi. Sindinakulemberenipo chiyambire, chifukwa ine ndi munthu wa nsomba, cholembera chimandilemera. Koma mbumba ndi yanga, ndiye ndiyenera kulankhula.

Kalata yanu yoti tigule mabatire inafika nyimbo titaimva kale. Mlongo wanga anaiwerenga ataimirira, anandipatsa ine, n'kukalowa m'nyumba. Mawa lake anatulutsa zovala zanu ndi bokosi lanu la zitsulo, anadzazisiya kwanga. Zili pano.

Chiyambire tsiku limenelo Lukiya saimba, ngakhale posinja. Kumjigo amapita anthu atachoka. Nyimboyo ndiye yagwira moto. Ku Balaka pamsika akuimba, ku Mposa asodzi akuimba, ana a sukulu akuimba podutsa pakhomo pake. Anthu amene ankamuseka za a Miga tsopano akuti, "Koma a Miga anali makina, a Rose amapuma." Ena akuti iye ankaona patali, ife ndi amene tinali opusa.

Ine sindikunena kuti mwachita chigololo, sindinakuoneni. Ndinamufunsa mlongo wanga kuti, "Ukufuna ndikauze a shehe kuti mwamuna wako walakwa chiyani? Wapereka nyimbo?" Iye anati, "Mukawauze kuti ndinamupatsa chinthu mumdima iye wakachiyanika pamsewu."

Mawu athu ndi awa, ndakambirana ndi amalume athu komanso amayi anu ku Mposa akudziwa. Mubwere Ramadhani isanayambe tidzakhale pansi. Mukabwera mubwere kudzakhala, osati kudzaonekera n'kubwereranso kwa aphunzitsi anu. Ngati simungathe, tumizani mawu omumasula, mwana wa eni ake asakalambire pa siteshoni. Zaka zitatu zakwana.

Ine mlamu wanu,
Uladi Chande


Johannesburg
16 Disembala 1990

Amake Saida,

Asalamu alaikumu. Makalata onse awiri ndalandira, yanu ndi ya alamu. Ndakhala masiku ndikuyamba kulemba n'kung'amba.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti a Rose sindinawagwirepo ngakhale dzanja. Ali ndi ana awo awiri ndi mavuto awo. Poimba ankayang'ana pepala, ine ndinali kuseri kwa galasi ndi makina. Ndinkaganiza kuti mukamva nyimbo yanu pa wailesi mudzayenda mutu uli m'mwamba pamaso pa onse amene anakusekani. Mawu anu oti ndi yanga ndekha ndinawawerenga, koma ndinawatenga ngati manyazi chabe. Ndinapita kwa bwana kukapempha kuti aichotse. Anandiseka, anati madzi akatayika saoleka.

Tsopano ndimvereni. Koleji ikuyamba mu Januwale, ndi ya zaka ziwiri. Malo andisungira kale. Kumeneko kuli mabuku chipinda chathunthu, ndi aphunzitsi oti ukafunsa amayankha, osati kumangoganizira wekha ngati mmene ndavutikira chaka chonsechi. Ndikamaliza ndidzakhala ndi pepala, ndipo ntchito imeneyi ikubwera kwathunso, ndikuiona. Ndikachoka lero bwana sadzandilandiranso, ndipo kumudzi makina otere ndidzawaona kuti? Ndidzabwerera ku mawailesi a mabatire.

Ndikukupemphani mundidikire. A Rose ndisiya kuwerenga nawo, ndigula dikishonale. Uzani alamu andipatse nthawi.

Ndiyankheni ndinu, osati a Uladi.

Hassani


Nkaya, P.O. Balaka
19 Januwale 1991

Che Hassani,

Kalata yanu ndalandira. Saida ali bwino, wayamba sukulu. Achimwene anakuuzani kale zonse. Ramadhani ikuyamba pakati pa Malichi.

Lukiya


Nkaya, P.O. Balaka
28 Julayi 1991

Kwa a Rose,

Moni. Simundidziwa nkhope koma mawu anga munawamva. Ndine Lukiya, mkazi wa Che Hassani. Keyala yanu ndaitenga kwa Che Sidik, ndipo amuna anga sakudziwa kuti ndikulemba.

Mwina mumafuna kudziwa ngati anafika. Anafika, Ramadhani itatsala pang'ono kuyamba. Anatsika pa Nkaya ndi kachikwama kamodzi monga mmene anafikira poyamba paja. Akuluakulu anakhala pansi, iye anapepesa, bokosi lake la zitsulo linabwerera m'nyumba. Tsopano ali ndi benchi pamsika wa Balaka, amakonza mawailesi. Amalima, amapita ku mzikiti, sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Anthu akuti ndinapambana.

Pa mlandu paja anaulula kuti inu munamufunsa musanaimbe kuti, "Kodi akazi anu alola?" ndipo iye anati eya. Ndiye pa chimenecho sindikuimbani mlandu. Koma musaganize kuti ndakukondani. Nyimbo ija ikayamba pa wailesi iye amathamangira kukatseka, ndipo kuthamanga kwakeko kumandipweteka kuposa nyimboyo. Ndinamufunsa tsiku lina kuti, "Kodi a Rose ndi okongola?" Anati, "Sindinawayang'anitsitse." Munthu amene sanayang'ane sayankha choncho. Nyimboyo itengeni. Ine ndinapeka ina, ndipo imeneyo sidzalowa m'kaseti.

Chimene ndalembera ndi ichi. Mwamuna amene ndinamuitanitsa wafika theka. Akaweruka amakhala pakhonde ndi mapepala a matumba a simenti, n'kumalemba mizere ya tizilembo ndi manambala, kufufuta, kulembanso. Ndinamufunsa kuti n'chiyani. Anati, "Pali kachigawo kena ka pulogalamu ija kamene sindinamalize kukonza." Ndinati, "Nanga makina ake ali kuti?" Anati, "Ndikungofuna ndisaiwale." Ndikamuyankhula amayankha mochedwa ngati ali kutsidya kwa Shire. Thupi lake latha, malaya akumukulira. Sadandaula, ndipo bola akanadandaula, tikanakangana n'kutha.

Mwezi watha achimwene anamva kuti ku Liwonde kuli ofesi ina ya zaulimi imene yalandira kompyuta, ndipo akusowa munthu woidziwa. Ndinamuuza kuti apite akayese. Anati, "Popanda mabuku anga ndikachita manyazi, zambiri zayamba kundithawa." Ndinamufunsa kumene kuli mabukuwo. Anati anawasiya kwa inu dala, kuti ine ndione kuti wasiyadi zonse.

Ine sindinamuuze kuti asiye mabuku. Ndinamuuza kuti abwere.

Ndiye ndikukupemphani, ngakhale pakamwa pakuwawa. Buku lalikulu lija, magazini onse ndi timadisiki take, mumpatse Che Sidik akamabwera mwezi wa Seputembala. Pa katunduyo mulembe dzina langa, osati lake. Ndikufuna alandire kuchokera m'manja mwanga.

Ndikudziwa kuti m'mphepete mwa masamba muli zolemba zanu zomasulira Chingelezi. Ndaganiza za zimenezo masiku ambiri. Musazifufute, chifukwa popanda izo sangamve. Dzanja lanu lidzakhala m'nyumba mwanga, pamwamba pa sutikesi yanga, ndipo iye azidzaliyang'ana tsiku ndi tsiku ine ndikuona. Ndidzapirira.

Koma kalata musaikemo, ngakhale moni. Ndidzatsegula tsamba ndi tsamba ndisanamupatse.

Ine,
Lukiya Abiti Chande,
mkazi wake